Achinyamata a Makompyuta ndi Chimanga cha M'malokeshoni a Harare

Munthu wochoka pakati pa mzinda wa Harare m'mwezi wa Januwale, nalowera kumadzulo pa msewu wa ku Bulawayo, amayamba kuona chimanga asanafike n'komwe ku Warren Park. Chimakhala chitamera m'mbali mwa msewu, kunsi kwa mawaya a magetsi, kuseri kwa mipanda ya masukulu, ndiponso m'madambo olekanitsa malokeshoni a Kuwadzana, Dzivarasekwa, Kambuzuma ndi Mufakose. Minda yake ndi ing'onoing'ono, malire ake ndi mwala, chitsa kapena mzere wa mbatata, ndipo yambiri ilibe chikalata chilichonse cha umwini. Komabe mabanja zikwizikwi amadya nsima ya m'minda imeneyi kwa miyezi ingapo chaka ndi chaka, ndipo ndalama zimene akanagulira ufa amalipirira lendi ndi fizi ya ana.

M'malokeshoni omwewo mwabwera chinthu china m'zaka zaposachedwapa. Makontena onyamulira katundu asandutsidwa zipinda zophunziriramo: padenga pali mapanelo a sola, m'kati muli anyamata ndi atsikana amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Munda ndi kontena zili moyandikana, koma kawirikawiri ntchito ziwirizi sizidziwana. Wophunzira za kompyuta amalakalaka ntchito ya ku kampani yaikulu, pamene mayi wake akulimbana ndi mbozi m'dambo popanda womulangiza. Amene angalumikize awiriwa ndi mlangizi wa zaulimi. Zimene zachitika ku Harare zikusonyeza chifukwa chake ayenera kutero, komanso malo amene ayenera kupondapo mosamala.

Minda yosalembedwa m'kaundula

Ulimi wa m'tauni si wachilendo ku Harare, koma unakula modabwitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1991 boma la Zimbabwe linayamba ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa ESAP. Mtengo wa ufa unakwera, anthu ambiri anachotsedwa ntchito m'mafakitale ndi m'boma, ndipo pamwamba pa izo panagwa chilala cha 1991/92 chimene alimi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akuchikumbukirabe. Bungwe la ENDA-Zimbabwe litayerekeza zithunzi zojambulidwa kuchokera m'ndege, linapeza kuti malo olimidwa m'madera opanda nyumba a mzindawu anachoka pa mahekitala pafupifupi 4,800 mu 1990 kufika pafupifupi 9,300 mu 1994. Katswiri wa mapulani a mizinda, Beacon Mbiba, anafotokoza za ulimiwu m'buku lake la mu 1995, ndipo kafukufuku wa nthawi imeneyo anasonyeza kuti ogwira khasu ambiri anali amayi.

Olankhula Chichewa ali ndi chifukwa chapadera chotcherera khutu. Pa nthawi ya atsamunda amuna a ku Nyasaland ankapita "ku Halale", ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Ambiri anatchona. Zidzukulu zawo zili ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth, kumene Gule Wamkulu akuvinidwabe, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mnansi wawo wa Chishona, zinthu zikathina m'tauni, amakhala ndi kumudzi kwawo kumene angakatenge thumba la chimanga. Mwana wa mtchona alibe mudzi wotero m'Zimbabwe. Kwa iye kamunda ka m'dambo ndiko nkhokwe yake yonse.

Malamulo sanamumvere chisoni nthawi zonse. Khonsolo ya mzinda, potsata malamulo oteteza madambo ndi oletsa kulima pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera ku mtsinje, zaka zina yakhala ikutumiza antchito ake kukatchetcha chimanga, mwina chitayamba kale kubereka. Mu 2002 akuluakulu a makhonsolo a mizinda ya Zimbabwe anasonkhana ku Nyanga navomereza kuti ulimi wa m'tauni umathandiza pa chakudya. Mu Ogasiti 2003 nduna zoona za maboma aang'ono za Kenya, Malawi, Swaziland, Tanzania ndi Zimbabwe zinasaina chikalata chotchedwa Harare Declaration, cholonjeza kuupatsa malo ulimiwu m'malamulo ndi m'mapulani a mizinda. Koma zisanathe zaka ziwiri, mu Meyi 2005, kunabwera Murambatsvina, ntchito yogwetsa nyumba ndi misika yosavomerezeka, imene lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena popezera ndalama. Kuyambira pamenepo munthu wa m'lokeshoni amayamba waganiza kawiri asanapereke dzina lake kwa mlendo wonyamula kope.

Zimene mlimi wa m'lokeshoni sauzidwa

Nthambi ya ulangizi ya AGRITEX, imene inakhazikitsidwa mu 1981, inakula ndi cholinga chotumikira alimi a kumidzi, monga zinalili ndi nthambi zinzake ku Malawi ndi ku Zambia. Ngakhale alangizi ena anatumizidwa m'tauni pambuyo pake, mlimi wa m'lokeshoni ali ndi mafunso amene buku la mlangizi wa kumudzi silinawakonzekere.

Funso loyamba ndi la madzi. Zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale a Harare zimakayeretsedwa makamaka pa malo awiri, Firle ndi Crowborough, ndipo madzi otuluka pamenepo amatsikira m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba mpaka m'damu la Chivero, momwe mzinda umatunganso madzi akumwa. Madzi otere ali ndi chonde, ndiwo zamasamba zimabiriwira nawo, motero anthu amathirira. Koma kafukufuku amene Muchuweti ndi anzake anafalitsa mu 2006, wa mbewu zolimidwa pa famu ya khonsolo ya Firle, anapeza kuti masamba a tsunga, umene ndi mpiru, anali ndi cadmium wopitirira ka 18 mlingo wololedwa ku Ulaya, ndiponso mtovu wopitirira ka 22. Zitsulo zoterezi sizioneka ndi maso, kuphika sikuzithetsa, ndipo zimaunjikana m'nthaka ndi m'thupi pang'onopang'ono: cadmium amawononga impso, mtovu umasokoneza ubongo wa mwana. Palinso matenda a m'madzi. Kolera ya 2008 ndi 2009, imene inagwira anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000 m'dziko lonse, inakantha kwambiri Budiriro, ndipo ya mu Sepitembala 2018 inabuka ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Mayi wothirira repu afunika kudziwa kuti ngalande iyi ndi yoopsa, chitsime icho n'chabwinoko. Pepala la akatswiri silimufika.

Funso lachiwiri ndi la mbozi. Mbozi yachilendo ya fall armyworm, imene ambiri ku Malawi amangoitcha ntchemberezandonda, inafika kummwera kwa Africa kumapeto kwa 2016, ndipo mu Febuluwale 2017 bungwe la FAO linaitanitsa msonkhano wadzidzidzi wa maiko a m'chigawo chino ku Harare komweko. Mboziyi imabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, momwe masamba atsopano amatulukira, ndipo ikakula mankhwala saifikira bwino. Mlimi wozindikira mochedwa amathamangira mankhwala opimidwa m'timabotolo topanda malangizo, nkuwapopera pafupi ndi nyumba ndi zitsime. Ndalama yapita, mbozi ikadalipo.

Funso lachitatu ndi la msika. Wolima ndiwo zamasamba ndi tomato m'tauni amapikisana ndi malole ochokera ku Mutoko, Murehwa ndi Domboshawa amene amatsitsa katundu pa Mbare Musika m'bandakucha. Akafika ambiri tsiku limodzi, mtengo umagwa dzuwa lisanakwere.

Mafunso atatu onsewa ali ndi mbali imodzi yofanana. Yankho lake lilipo kwinakwake, m'labotale, mu ofesi kapena pa msika, koma silifika kwa mwini munda pa nthawi yake ndiponso m'chilankhulo chake. Kunyamula uthenga motere ndiyo ntchito imene foni ndi kompyuta zimaitha bwino koposa.

Kumene amisiri atsopano akuphunzirira

Malo oyamba osonkhanira achinyamata a luso la makompyuta ku Harare anatsegulidwa kumpoto kwa mzinda, kumadera a anthu opeza bwino. Hypercube Hub inayamba mu 2013 ndi thandizo la mabungwe akunja, inachititsa maphunziro ndi mipikisano yolemba mapulogalamu, koma inatsekedwa mu 2015 ndalama zitavuta. Chaka chomwecho gulu la Magamba Network linatsegula Moto Republik, malo omangidwa ndi makontena osanjikiza, osonkhaniramo olemba nkhani, ojambula ndi amisiri a intaneti. Gulu lomweli ndilo linayambitsa Open Parly, ntchito yotumiza achinyamata ku nyumba ya malamulo kuti azifalitsa zokambidwa kumeneko kwa anzawo pa mafoni. Mu 2017 khonsolo inafuna kugwetsa makontenawo, koma anthu anadandaula kwambiri ndipo malowo anapulumuka. Malo awiriwa anaphunzitsa achinyamata ambiri kuti luso la kompyuta lingatumikire nzika, osati malonda okha. Vuto linali mtunda: mtsikana wa ku Budiriro anafunika kukwera makombi awiri kuti akafike, awirinso pobwerera.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010 bungwe la Uncommon.org, limene anayambitsa Peter Kazickas, linatembenuza njira. M'malo moitanira achinyamata kumpoto, linatengera makontena ku malokeshoni, kuyambira ku Dzivarasekwa, kenaka ku madera monga Kuwadzana, Mufakose, Warren Park ndi Kambuzuma, ambiri pa mabwalo a masukulu kapena a mabungwe a m'deralo. Magetsi ndi a dzuwa, chifukwa a kampani amazimazima. Maphunziro anakonzedwa kuti akhale aulere, a chaka chimodzi, a kalembedwe ka mapulogalamu, kakonzedwe ka masamba a pa intaneti ndi kutsatsa malonda. Chofunika kuchiona bwino ndi malipiro ake: wophunzira amabweza pophunzitsa ana a m'masukulu oyandikira chiyambi cha luso lomwelo. Wophunzira asanduka mphunzitsi akadali pa maphunziro, ndipo amaphunzitsa ana a anansi ake.

Mlangizi aliyense adzaizindikira njira imeneyi, pakuti ndi yomweyo ya mlimi wachitsanzo: phunzitsa mmodzi wa m'mudzi momwemo, iye aphunzitse anzake. Cholinga chachikulu cha sukulu zoterezi ndi kupezera achinyamata ntchito, ndipo chimenecho n'chabwino m'dziko limene ntchito zolembedwa ndi zosowa. Koma wophunzira aliyense amafunika vuto lenileni loti ayeserepo luso lake. Mavuto otere ali kuseri kwa mpanda wa sukulu yomweyo.

Zida ziwiri zobadwira ku Harare

Mzinda womwewu unatulutsa kale zida ziwiri zosonyeza chimene chimachitika amisiri akayamba ndi kumvetsera.

Choyamba ndi Freedom Fone. Bungwe la Kubatana, limene Bev Clark ndi Brenda Burrell anayambitsa mu 2001 pofuna kufalitsa nkhani za ufulu ndi za mabungwe a nzika, linaona kuti anthu ambiri amene linkafuna kuwafikira analibe intaneti, ena sankawerenga Chingelezi, koma anali ndi foni wamba. Motero linakonza pulogalamu yaulere yoikidwa pa kompyuta imodzi yolumikizidwa ku kachipangizo kokhala ndi simu khadi. Munthu amaimba, namva mawu ojambulidwa m'chilankhulo chake, nasankha mutu podina nambala, ndipo akafuna amasiya funso lake. Ntchitoyi inapata mphoto ya Knight News Challenge mu 2008. Chida chokonzedwera nkhani za ufulu chinakapeza ntchito ku ulimi: bungwe la Farm Radio International linachiyesa pa wailesi ya Radio Maria ku Tanzania, kumene oweta nkhuku ankaimba pa nambala yotchedwa Kuku Hotline, komanso pa Volta Star ku Ghana. Mlimi amene pulogalamu ya pa wailesi inamudutsa ali kumunda ankatha kuimvera madzulo.

Chachiwiri ndi eMKambo, ntchito ya bungwe la Knowledge Transfer Africa lotsogozedwa ndi Charles Dhewa. Mphamvu yake sinali pa kompyuta, koma pa anthu oikidwa pa Mbare Musika ndi misika ina ikuluikulu, olemba tsiku ndi tsiku katundu wolowa, kumene wachokera ndi mtengo wake. Msika umene ambiri ankauona ngati chipwirikiti unaoneka kuti uli ndi nyengo zake, njira zake ndi akatswiri ake, amene ndi amalonda eni ake. Moto umene unapsereza mbali yaikulu ya Mbare Musika mu Okutobala 2024 unakumbutsa mzinda wonse kuchuluka kwa mabanja odalira malo amenewo.

Zida ziwirizi sizinayambe ndi funso lakuti makina atsopano angachite chiyani. Zinayamba ndi funso lakuti munthu uyu ali ndi chiyani m'manja, amalankhula chiyani, ndipo akusowa kudziwa chiyani lero.

Phunziro limene alangizi analipirira kale

Pa mfundo imeneyi mlangizi ali ndi chophunzitsa, chifukwa ntchito ya ulangizi inadutsa kale m'njira yomweyi. Mu 1926 boma la Southern Rhodesia linalemba ntchito Emory Alvord, mmishonale wa ku America, kuti aziphunzitsa anthu akuda ulimi. Iye anaphunzitsa alangizi oyamba ku Domboshawa ndi ku Tjolotjo, nawatuma kukalima minda yachitsanzo m'midzi, ndipo m'menemo munatuluka satifiketi ya Master Farmer, mbale wake wa Achikumbi a ku Malawi. Njirayi inali ndi ubwino wake, pakuti mlangizi ankakhala pakati pa anthu nasonyeza ndi manja. Koma inali ndi chilema chachikulu. Inkayesa mlimi ngati mbiya yopanda kanthu yofunika kudzazidwa, inkanyoza kasakaniza wa mbewu amene kafukufuku wa pambuyo pake anamuyamikira, ndipo inkafikira ochepa amene anali ndi ng'ombe ndi ndalama.

M'zaka za m'ma 1990, m'chigawo cha Masvingo, alangizi a AGRITEX pamodzi ndi bungwe la GTZ la ku Germany ndi la ITDG, limene linkagwira ntchito ku Chivi, anayesa njira ina imene alimi anaitcha Kuturaya, kutanthauza kuyesa. Mlimi ankagawa munda wake pawiri, mbali ina njira yakale, mbali ina njira yatsopano monga mizere ya ngonyeka yosunga madzi, ndipo pokolola gulu lonse linkayendera minda ndi kuweruza lokha. Alangizi ndi atsogoleri a m'midzi anaphunzitsidwa pogwiritsa ntchito mabuku a Training for Transformation, amene Anne Hope ndi Sally Timmel analemba potsata maganizo a Paulo Freire, ndipo anasindikizidwa koyamba ndi Mambo Press ku Gweru mu 1984. Chimene chinasintha kwambiri si khasu kapena mbewu ayi, koma mlangizi mwini: anaphunzira kufunsa asanayankhe.

Wolemba mapulogalamu wa lero ali pa ngozi yobwereza cholakwa cha Alvord, atanyamula foni m'malo mwa pulawo. Akhoza kukonza chida chokongola, cha m'Chingelezi, chofuna foni yodula ndi bandulo ya tsiku ndi tsiku, nadabwa kuti amayi a m'dambo sakuchigwiritsa ntchito. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Alangizi anatenga zaka zoposa 60 kuti achoke kwa Alvord kufika pa Kuturaya. Palibe chifukwa choti achinyamata a m'makontena ayendenso ulendo wonsewo.

Ntchito zimene angagwirire limodzi

Choyamba ndi kuyendera minda. Malangizo a FAO ofufuzira fall armyworm ndi osavuta: kuyenda m'munda mokhotakhota ngati chilembo cha W, kuima malo 5, kuyang'ana mapesi 10 pamalo aliwonse, ndi kulemba kuchuluka kwa ogwidwa mwa 50 amenewo. Mu 2018 bungweli linatulutsa pulogalamu ya pa foni yotchedwa FAMEWS yolemberamo zotsatira. Ophunzira khumi ophunzitsidwa ndi mlangizi tsiku limodzi angathe kuyendera dambo lonse sabata iliyonse, ndipo chenjezo lingafike kwa eni minda mbozi zikadali zazing'ono, pamene kuziphwanya ndi manja pamodzi ndi mazira ake kumathandiza pa munda waung'ono. Wophunzira amapindulanso, chifukwa amaona ndi maso ake kumene manambala amachokera ndi momwe amalakwikira.

Chachiwiri ndi masamu a kamunda. Njira ya Pfumvudza, imene bungwe la Foundations for Farming linakonza ndipo boma la Zimbabwe linaifalitsa m'dziko lonse mu 2020, ili ndi muyeso wake: mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, mizere 52 ya mapando 28, onse pamodzi 1,456, motalikirana masentimita 75 ndi 60, nthaka yophimbidwa ndi zinyalala. Koma minda ya m'tauni siitsata muyeso wa m'buku. Wina ndi wa ngodya zitatu, wina ndi wautali ngati lamba m'mbali mwa msewu. Kachida kowerengera kuti munda wa masitepe akutiakuti ufuna mapando angati, mbewu yochuluka bwanji ndi feteleza wa makilogalamu angati ndi ntchito imene wophunzira wa miyezi itatu angaithe, malinga mlangizi atsimikize manambala. Kwa mayi wogula feteleza wa pa mbale, kusiyana kwa makilogalamu awiri ndi ndalama ya ndiwo za masiku angapo.

Chachitatu ndi mawu. Uthenga wojambulidwa m'Chishona ndi m'Chichewa, wa mphindi imodzi, wotumizidwa pa WhatsApp kapena womvedwa pa foni wamba, umafika kwa agogo amene sangawerenge kapepala. Mlangizi ndiye mwini uthenga, wachinyamata ndiye mwini njira. Magulu olandira alipo kale: mabungwe a maliro amene anthu ochokera ku Malawi anawalimbitsa kwa zaka zambiri m'malokeshoni, magulu a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi magulu osonkherana ndalama. Kuyambitsa kalabu yatsopano pamene pali gulu lokhulupirika kale ndi kutaya nthawi.

Chachinayi ndi mapu, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Mapu osonyeza ngalande za madzi oipa, zitsime zoyezedwa ndi malire a dambo angapulumutse moyo. Angathandizenso pokambirana ndi khonsolo kuti ipatule malo ololedwa kulima. Koma mapu omwewo, akakhala ndi maina a anthu olima pamalo oletsedwa, asanduka mndandanda wa minda yoti itchetchedwe. Wachinyamata wokondwa ndi luso lake sangaione ngoziyi msanga, koma mlangizi amene anaonapo mlimi akubisa ng'ombe pa tsiku la kalembera amaidziwa. Zimbabwe ndi Zambia anakhazikitsa malamulo oteteza mbiri ya munthu mu 2021, Malawi mu 2024, komabe lamulo la pepala silokwanira. Gulu la alimi ligwirizane poyamba kuti cholembedwa n'chiyani, wosunga ndani, ndipo woonetsedwa ndani. Maina ndi manambala a foni asaikidwe pa mapu opita kunja kwa gulu.

Mlangizi ayeneranso kunena zoona ku mbali zonse. Madambo a Harare ndiwo amasunga ndi kusefa madzi opita ku Chivero. N'chifukwa chake dambo la Monavale linalembedwa mu 2013 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Kugaula pakati pa dambo ndi kuthira feteleza m'mphepete mwa mtsinje kumawononga ndithu, monganso kumawonongera kumanga nyumba ndi masitolo pamenepo. Umboni wolembedwa bwino umathandiza kusiyanitsa pamene pali vuto lenileni ndi pamene pali mphekesera chabe. Ku Lusaka chimanga cha m'tauni chinkatchetchedwa pa chifukwa chakuti chimaswetsa udzudzu, koma kafukufuku wofalitsidwa ku Zambia mu 1978 sanapeze udzudzu wa malungo ukuswana m'mapesi.

Kutsidya kwa malire

Zonsezi si za Harare yekha. Chimanga chomwecho chili m'madambo a Lilongwe, m'mphepete mwa Mudi ku Blantyre ndi m'makomboni a Lusaka, kumene alimi a ndiwo zamasamba a m'mbali mwa Ngwerere amathirira ndi madzi ochokera m'tauni. Malo ophunzirira amisiri aliponso: BongoHive inayamba ku Lusaka mu 2011, ndipo Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe. Chilala cha 2023/24, chimene chinachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza tsoka la dziko motsatizana mu Febuluwale, Malichi ndi Epulo 2024, chinasonyezanso kuti banja la m'tauni limamva njala msanga mtengo wa ufa ukakwera. Uthenga wa m'Chichewa wojambulidwa ku Chipata kapena ku Dedza ungamveke ku Tafara popanda kuumasulira, ndipo pulogalamu yaulere yolembedwa ku Mufakose ingagwire ntchito ku Tete.

Kutsekedwa kwa Hypercube kukuchenjeza kuti malo odalira thumba limodzi la wopereka thandizo amatha tsiku limene thumbalo latha. Chimene chimatsala ndi anthu odziwana: mlangizi wodziwa dzina la mphunzitsi wa pa kontena, wophunzira wodziwa munda wa mayi wa nyumba yachitatu, gulu la maliro lodziwa woti limuimbire mbozi zikaoneka. Ubale wotere sufuna ndalama zambiri. Ufuna mlangizi amene m'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, adzagogoda pa chitseko cha kontena la m'dera lake, nadzapempha ophunzira asanu kuti Loweruka m'mawa avale nsapato zolimba, atenge chingwe choyezera ndi kope, apite naye kudambo. Tsiku loyambalo makompyuta atsale. Ntchito ya achinyamatawo ikhale kupereka moni, kufunsa mwini munda chimene chinamupweteka chaka chatha, ndi kulemba yankho lake monga walinenera.